Madzi Amodzi, Malipiro Asanu ndi Anayi

Eni makomo anzanga, tiwerengetsere madzi. Sindikunena a pampopi, amene bilu yake imafika ngakhale mpopi utauma. Ndikunena madzi amene amayenera kufika kumunda mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, mvula itapita. Ambirife madzi amenewa sitinawaonepo, koma kulipira talipira. Chatsala n'kudziwa kuti talipira kangati. Ine ndapeza kasanu ndi kanayi. Amene masamu ake ndi akuthwa kuposa anga apeza kochuluka.

Malipiro oyamba: miyezi

Chaka chili ndi miyezi khumi ndi iwiri. Mvula imagwa miyezi isanu, chaka chikakoma. Munda umagwira ntchito miyezi isanu, miyezi isanu ndi iwiri umagona. M'nyumba mwanga mulibe mimba imene imagona miyezi isanu ndi iwiri. Kukolola ndi kamodzi. Kudya ndi kawiri patsiku, ndiye kuti munthu mmodzi amakhalira nsima maulendo mazana asanu ndi awiri kudza makumi atatu pachaka. Nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi ndi mbale zikwi zinayi, mazana atatu kudza makumi asanu ndi atatu. Alendo sindinawawerengere. Maliro sindinawawerengere.

Mu Meyi chimanga chili m'nyumba, ndalama mulibe. Fizi ikufunika, sopo akufunika, mwini ngongole ya feteleza ali pakhomo. Timagulitsa matumba anayi kwa venda, pa sikelo yake. Mu Febuluwale ndalama zomwezo, zikanakhalapo, zikanagula matumba awiri kwa venda yemweyo. Awiri otsalawo ndi lendi imene talipira kuti atisungire chimanga chathu. Ndalamazo sizikhalapo, ndiye timapita kukagwira ganyu. Ganyu amapezeka mu Januwale, mwezi umene munda wathu ukufuna kupalira. Masiku khumi m'munda wa eni ndi masiku khumi a udzu m'munda mwathu, ndipo udzuwo umadya matumba ena awiri. Pamodzi: matumba anayi pachaka, chifukwa munda unagona.

Malipiro achiwiri: msana

Amene ali ndi mwayi wa dambo amalima dimba. Akatswiri a zaulimi amati chimanga chimafuna madzi osachepera mamilimita 500 kuyambira pobzala mpaka pokhwima. Pa hekitala imodzi ndi malita 5 miliyoni. Hekitala tilibe. Tili ndi kota ya ekala, imene ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala, ndiye malita athu ndi theka la miliyoni. Kheni imodzi imanyamula malita khumi. Makheni ndi zikwi makumi asanu. Manja ndi awiri, ndiye maulendo ndi zikwi makumi awiri kudza zisanu, kuchoka pachitsime kupita pamzere ndi kubwerera. Chimanga chimakhwima pa masiku zana limodzi kudza makumi awiri. Ndi maulendo mazana awiri kudza asanu ndi atatu patsiku, Lamulungu lomwe, tsiku la maliro lomwe, tsiku la malungo lomwe.

Palibe amene amakwanitsa. Timathira theka n'kunena kuti tathirira. Chimanga nacho chimawerengera, chimabereka theka.

Tinene kuti mwakwanitsa, feteleza mwathira, mbozi mwazipha. Kota ya ekala ikupatsani matumba asanu ndi atatu. Thumba limodzi ndi makheni zikwi zisanu ndi chimodzi, mazana awiri kudza makumi asanu. Onjezerani kheni imene yabooka mwezi wachiwiri, ndi nkhuku imodzi yolipira wokhoma zitini. Onjezerani chitsime chimene chimatsika sabata iliyonse, moti mu Okutobala madzi mumachita kuwatsikira. Kuchikumbanso ndi masiku atatu. Mpanda wotchinga mbuzi ndi masiku anayi. Mbuzi zikalowabe, mlandu kwa amfumu ndi nkhuku ina, mwawina kapena mwaluza. Mapiritsi a msana ndi awiri usiku uliwonse, mazana awiri kudza makumi anayi pa nyengo. Mwana wa Sitandade 7 amene amanyamula kheni yachitatu m'mawa amafika kusukulu masamu atatha. Pamodzi: matumba anayi aja, nkhuku ziwiri, sabata imodzi ya khasu, msana umodzi, ndi mwana mmodzi amene sadzatha kutiwerengera zimenezi.

Malipiro achitatu: makina athu

Msana ukatopa, munthu amayang'ana makina. M'zaka za m'ma 2000 boma linagawa mathiredo pampu, ena kudzera mwa aphungu. Thiredo pampu imachotsa ntchito m'manja n'kuiika m'miyendo. Wopalasa amadya mitanda itatu, osati iwiri. Labala ya m'kati ikatha, ina imapezeka kutauni. Labalayo ndi mazira asanu, thiransipoti yokaitenga ndi nkhuku ziwiri. Ena mwa mapampu amenewo lero ali kuseri kwa nyumba, ayanikapo zovala.

Kenako injini ya petulo. Injini ndi mbuzi zinayi, mapaipi ndi mbuzi imodzi. Petulo amachokera kunja, amagulidwa ndi madola amene dziko lilibe. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Injini sinasinthe kamwedwe. Petulo akasowa, pa filing'i amakana zigubu, ndipo injini ya kudimba ilibe matayala oti ikaimire pamzere. Timagula kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, lita imodzi pa mtengo wa malita awiri.

Kenako sola. Dzuwa ndi laulere. Mapanelo ndi pampu yake ndi ng'ombe, ndipo usiku zimafuna mlonda. Mlondayo ndinu. Ndalama zogulira zimachokera ku banki m'khonde, kumene chiwongola dzanja chimawerengedwa pamwezi. Chimanga chimakhwima pa miyezi inayi. Chiwongola dzanja chimakhwima kanayi chimanga chisanakhwime kamodzi. Ndiye timabzala tomato kuti ndalama zibwere msanga. Mudzi wonse waganiza chimodzimodzi. Tomato wa mudzi wonse amapsa sabata imodzi, msewu wa kumsika umadutsa kabaza yekha, ndipo mabeseni amene tinawawerengera pa mbuzi amagulidwa pa nkhuku. Pamodzi: zonse zam'mwambazo, nkhuku zina ziwiri, mbuzi zisanu, ng'ombe imodzi ndi tulo ta miyezi inayi. Kufika apa talipira katatu, ndipo boma silinalowemo.

Malipiro achinayi: mapepala

Boma limalowera m'sitolo. VAT ili pa mayunitsi a foni, pa malata, pa simenti, pa mabatire a wailesi. Pa lita iliyonse ya petulo wa injini ija pali misonkho ina. Zonsezi zimapita ku Lilongwe, ndipo zina zimabwerera kwa ife zitasanduka mapepala.

Pepala loyamba ndi la atsamunda. Mu 1954 kampani ya Halcrow ya ku Britain inapereka lipoti la momwe angagwirire madzi a nyanja ndi a mtsinje wa Shire, kupanga magetsi ndi kulima chigwa cha kumunsi. Agogo athu ankalipira msonkho nthawi imeneyo. Baraji ya ku Liwonde inamangidwa mu 1965, magetsi a ku Nkula anayaka chaka chotsatira. Ngalande yaikulu ya alimi inatsala papepala.

Pepala lachiwiri ndi la Green Belt ya Bingu wa Mutharika. Linati dziko lithirire mahekitala 1 miliyoni m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje. Pepala lachitatu ndi pulani yaikulu ya ulimi wamthirira ya 2015 mpaka 2035. Ilo linayeza nthaka ndi madzi, n'kupeza kuti malo otheka kuthirira ndi mahekitala 407,862. Chotserani. Mahekitala 592,138 anasowa pakati pa mapepala awiri. Palibe amene anakadandaula kupolisi.

Pa mahekitala 407,862 aja, okonzedwa kale anali pafupifupi 104,000, ndipo pafupifupi theka lake linali la maesiteti, makamaka a nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Pulaniyo inati pa zaka makumi awiri awonjezerepo mahekitala 116,000. Ndi mahekitala 5,800 pachaka. Otsala onse ndi pafupifupi 304,000. Pa liwiro limenelo, popanda namondwe, popanda chisankho, popanda wina kudwala, ntchito ndi ya zaka makumi asanu kudza ziwiri. Onjezerani pa 2015, mupeza 2067. Masomphenya a Malawi 2063 adzakhala atapitirira ndi zaka zinayi.

Pepala lililonse lili ndi ana ake. Pali msonkhano woliyambitsa, msonkhano woliunika, msonkhano wolivomereza, ndi mwambo wolikhazikitsa. Misonkhano yotere imakonda Mangochi ndi Salima, pafupi ndi madzi. Tinene anthu makumi anayi, mausiku atatu: maalawansi zana limodzi kudza makumi awiri, mafuta a galimoto makumi awiri, mabotolo a madzi akumwa mazana awiri kudza makumi anayi. Madzi amenewa amafika pa nthawi yake. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Greenbelt Authority, kuwonjezera pa dipatimenti ya ulimi wamthirira imene inalipo kale. Maofesi awiri, mabwana awiri, mitsinje yomweyo. Pamodzi: mapepala atatu, zaka makumi asanu kudza ziwiri.

Malipiro achisanu: mathirakitala

M'masiku a Green Belt omwewo boma linabwereka madola 50 miliyoni ku India. Zina mwa ndalamazo zinagula mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144, zoti zithandize alimi ang'onoang'ono. Thirakitala sithirira, koma izi tizisiye. Mu 2016 Ombudsman Martha Chizuma anatulutsa lipoti lakuti ambiri mwa mathirakitalawo anagulitsidwa motchipa, mosatsata ndondomeko, ndipo pakati pa ogula panali akuluakulu a boma ndi andale. Nkhani inapita kukhoti. Mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi Ombudsman, ndipo akuluakulu okhudzidwa analamulidwa kupepesa kwa Amalawi.

Kumbali ya zotuluka ndalemba madola 50 miliyoni ndi chiwongola dzanja chake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni. Ndi madola pafupifupi atatu pa mutu, wakhanda yemwe. Nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi ndi madola khumi kudza asanu ndi awiri, amene amakula nthawi iliyonse kwacha ikachepa. Kumbali ya zolowa ndalemba chipepeso chimodzi. Ndinachigawa ndi anthu 17.5 miliyoni, gawo la nyumba yanga silinakwane pamzere.

Malipiro achisanu ndi chimodzi: kumanga kawiri

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, boma la Kamuzu Banda linamanga masikimu 16, ambiri a mpunga, ena mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan: Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Domasi ku Machinga, Likangala ku Zomba, Nkhate ku Chikwawa, Muona ku Nsanje, ndi ena. Anamangidwa kamodzi, analipiridwa kamodzi. Ngalande ili ndi matenda anayi: mchenga, udzu, ming'alu ndi dzimbiri la pa zitseko. Onsewa amachira ndi ndalama zochepa, malinga zibwere chaka chilichonse. A Payoniya amene ankayang'anira masikimu anathetsedwa kumapeto kwa 1993. Ndodo inapita, bajeti yolowa m'malo mwake sinabwere. Kenako boma linapereka masikimuwo m'manja mwa alimi eni, kudzera m'mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi. Alimi analandira ngalande zong'aluka ndi buku la malisiti.

Musikimu aliyense amalipira ndalama ya madzi yofanana. Wa kumayambiriro kwa ngalande amathirira masana. Wa pakati amathirira madzulo. Wa kumapeto amathirira pakati pa usiku, ndi tochi, ndi chikwanje, madzi akakhalapo. Lisiti ndi limodzimodzi.

Kuyambira mu 2006 ndalama za World Bank ndi IFAD zinakonzanso Muona, Nkhate, Likangala ndi Limphasa. Kumeneko ndi kumanga kawiri. Madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anadutsa m'chigwa cha Shire ndi mchenga wawo. Mchengawo umachokera m'mapiri amene tinawagulitsa m'matumba a makala. Kumeneko ndi kumanga katatu.

Masamu ake ndi awa. Mng'alu wa thumba limodzi la simenti ukasiyidwa chaka chimodzi umafuna matumba khumi. Ukasiyidwa zaka zisanu umafuna kontirakitala, katswiri wochokera kunja, msonkhano wa kunyanja ndi chikwangwani. Thumba limodzi la simenti lilibe mwambo wodula riboni. Chikwangwani chili nawo.

Ku Bwanje, m'boma la Dedza, ndalama za dziko la Japan zinamanga sikimu ya mahekitala 800 kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Madzi ake ndi a mtsinje wa Namikokwe. Namikokwe amadzaza m'dzinja, pamene mvula ikuthandiza kale, n'kuchepa m'chilimwe, pamene munda ulibe kwina koyang'ana. M'chilimwe madzi ankakwanira gawo laling'ono chabe la mahekitala 800 aja. Madzi osefukira anawononga potengera madzi, Japan inakonzanso. Damu losunga madzi a chilimwe linabwera patapita zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndi ndalama za European Union. Sikimu imodzi, malipiro atatu. Mudzati ndalama za Japan si zathu. Zoona. Koma thandizo limene lakonza zakale silinamange zatsopano, ndipo kusiyana kwake timakulipira ndi makheni.

Malipiro achisanu ndi chiwiri: ngalande yaikulu

Ngalande ya m'pepala la 1954 inayamba kukumbidwa mu 2020. Ndiyo Shire Valley Transformation Programme. World Bank inavomereza madola 160 miliyoni a gawo loyamba mu 2017, African Development Bank ndi ena anawonjezerapo. Madzi ndi otengedwa pa damu la Kapichira, kudutsa m'nkhalango ya Majete, kutsikira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, mahekitala 43,370. Ndi oyenda okha motsetsereka, opanda petulo, opanda bilu ya magetsi. Potengera madzi panakonzedwa kuti pazidutsa malita 50,000 pa sekondi. Ndi makheni zikwi zisanu pa sekondi. Makheni zikwi makumi asanu aja, a masiku zana limodzi kudza makumi awiri, a mapiritsi mazana awiri kudza makumi anayi, ngalandeyi ingawanyamule pa masekondi khumi. Pa malipiro onse a m'kope langa, awa okha ndi amene ndikanalipira ndisanauzidwe.

Kudikira kuli ndi mtengo wake. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo potengera madzi a ngalande panawonongeka. Kukonza ndi ndalama zina. Kwacha inagwa kawiri, simenti ndi dizilo wa kontirakitala zinakwera. Tsiku la madzi lasunthidwa kangapo. Pulogalamu yonse inalembedwa kuti idzathe mu 2031. Mwana amene anabadwa chaka cha lipoti la Halcrow adzakhala ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri, khasu atalisiyira adzukulu.

Madzi akafika, kope silitsekedwa. Pali ndalama ya madzi, pali mbewu, pali kuphatikiza minda m'makopaletivu, pali kufuna wogula. Pali matenda anayi aja, pa ngalande ya makilomita ambirimbiri. Mahekitala 43,370 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a mahekitala 304,000 otsala aja, ndipo ena mwa iwo ndi a nzimbe zimene zikuthiriridwa kale ndi mapampu. Ngongole yake tibweza tonse, a ku Chitipa omwe. Pamodzi: madola 50 miliyoni ndi 160 miliyoni ndi 210 miliyoni, zowonjezera sindinazilembe.

Malipiro achisanu ndi chitatu: feteleza

Mu 2003 ku Maputo atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka gawo limodzi mwa magawo khumi a bajeti ku ulimi. Malawi yakwanitsa zaka zambiri. Ndiye ndalama zilipo, nkhani ndi mzere umene zakhala. Kuyambira mu 2005 mzere waukulu ndi wa feteleza wotsika mtengo, kale ndi kuponi, kenako ndi chitupa cha unzika. Mu 2020 pulogalamu ya fetelezayu, AIP, inapatsidwa K160 biliyoni, imene nthawi imeneyo inali madola oposa 200 miliyoni. Feteleza wa chaka chimodzi anaposa ngongole yoyamba ya ngalande ya Kapichira. Mlimi analipira K4,495 pa thumba. Chaka chotsatira K7,500. Chotsatira K15,000. Thumba silinakule, ndi makilogalamu makumi asanu omwewo.

Feteleza alibe mlandu. Amadyetsa chaka chake, mvula ikagwa. Koma thumba limathiridwa kamodzi n'kutha, chaka chamawa limagulidwanso, ndi madola. Kuyambira 2005 mpaka 2024 ndi nyengo makumi awiri. Chimene chatsala pa nyengo makumi awirizo ndi matumba opanda kanthu, abwino kuyanikirapo mphale. Ngalande ya ku Domasi inamangidwa m'masiku a Kamuzu, ndipo ikulimitsabe mpunga, ming'alu yake yomwe. Ng'amba ya masabata atatu mu Febuluwale, chimanga chikutulutsa ngayaye, ingathe kupha feteleza wa mabiliyoni ali m'nthaka.

Chifukwa chimene feteleza amapambanira ngalande nacho ndi masamu. Feteleza amafika m'miyezi itatu. Ngalande imatenga zaka zoposa zisanu. Chisankho chimabwera zaka zisanu zilizonse. Pamodzi: madola 410 miliyoni, ndipo ndawerengera chaka chimodzi chokha mwa makumi awiri.

Malipiro achisanu ndi chinayi: chimanga cha chithandizo

Ng'amba yopha feteleza ija inabwera mu 2024, ya El Niño. Mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo pakufunika matani pafupifupi 600,000 a chimanga, a madola oposa 200 miliyoni. Ndi matumba 12 miliyoni. Chaka chomwecho nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Madzi anafika pamalo a msonkhano okha.

Kota ya ekala ija tinati matumba asanu ndi atatu, ndiye hekitala ndi matumba makumi asanu ndi atatu. Gawani matumba 12 miliyoni, mupeza mahekitala 150,000. Ndi theka la mahekitala 304,000 aja amene akudikira 2067. Theka lokha, chilimwe chimodzi. M'malo mwake tinafuna chimanga kwina, tinalipira malole, mafuta a malole, nkhokwe, mankhwala a anankafumbwe, alonda, olemba mayina, ndi tsiku lathunthu pamzere. Amene dzina lake linasowa pa mndandanda anabwerera kwa venda. Pamodzi: madola 610 miliyoni, matumba anayi, nkhuku zinayi, mbuzi zisanu, ng'ombe imodzi ndi chipepeso chimodzi.

Kuwonkhetsa

Ndalama za boma ndi zochepa. Izi tikuzimvetsa, zathunso n'zochepa. Zochepa zimafuna ndondomeko ya chimene chiyambe. Mwini khomo amene denga lake likudontha sathira maziko a nyumba yachiwiri, amayamba wagula misomali. Kope la dziko likanakhala m'manja mwathu, likanayenda motere.

Mzere woyamba ndi wokonza zimene zilipo. Hekitala yakale yokonzedwa imatchipa kuposa yatsopano, chifukwa malo alipo, alimi alipo, njira ya madzi ilipo. Mzerewu ubwere chaka chilichonse, ndipo ndalama zikachepa pakati pa chaka usakhale woyamba kudulidwa.

Wachiwiri ndi womaliza zimene zinayambidwa. Ngalande imene yatsala mita imodzi kuti ikumane ndi mtsinje imathirira zofanana ndi imene sinakumbidwe, kusiyana kwake ndi chiwongola dzanja. Masikimu khumi omangidwa theka ndi masikimu asanu amene palibe.

Wachitatu ndi woyeza mtsinje mu Okutobala, simenti isanagulidwe, ndi wosamala mapiri a kumtunda kwake. Kumene madzi angayende okha motsetsereka, ayambe amenewo, pampu ibwere pambuyo.

Wachinayi ndi wa msewu ndi wogula. Mlimi amene tomato wake waolera m'beseni salipira ndalama ya madzi, ndipo sikimu yosalandira ndalama ya madzi imabwerera ku malipiro achisanu ndi chimodzi.

Wachisanu ndi wa kawerengedwe. Lipoti lizitiuza mahekitala amene anakolola m'chilimwe chapitacho, osati amene anatsegulidwa ndi nduna, ndipo lizitiuza hekitala imodzi inadya zingati. Pa kwacha khumi zilizonse za feteleza, imodzi yokha itapita ku mizere isanuyi, mu 2020 ikanakhala K16 biliyoni, ndipo m'chaka chotsatira ikanakhala ikugwirabe ntchito. Zotsala, ngati zilipo, zikhale za misonkhano.

Malipiro ndi asanu ndi anayi. Madzi ofika kumunda ndi amene mwanyamula nokha. Bajeti masiku ano imawerengedwa kumayambiriro kwa chaka, nkhokwe zitatha, ndiye nthawi yomvetsera ilipo chifukwa yophika yachepa. Gulani mabatire awiri, VAT yake yomwe, mumvetsere mzere wokonza ngalande. Mukaumva, malipiro atsala pa asanu ndi anayi. Mukapanda kuumva, tsegulani tsamba lina, mulembe malipiro akhumi, ndipo mupatule nkhuku imodzi ya wokhoma zitini.